Nkhoswe ya pa Njinga

Saint-Étienne, 18 Juni 1978

Amayi anga okondedwa, ndi iwe Zahia mlongo wanga amene ukuwerenga,

Mtendere ukhale pa nyumba yathu. Kuno tili bwino, ine ndi mlamu wako Houria, ndipo ana akudya ngati dzombe. Amayi, miyendo ija ikupwetekabe? Tirigu wacha bwanji chaka chino? Bambo aang'ono a Messaoud muwapatse moni.

Nkhani ndi iyi: ndikubwera. Sitima ya pamadzi idzanditula ku Skikda pakati pa Julayi. Koma musamasuzumire kumsewu kudikira galimoto yosenza mabokosi padenga ngati ya ana a anzanu. Ndikubwera pa njinga. Zahia, usadumphe mzere umenewu powerenga, ndimakudziwa. Pa njinga, Amayi. Zaka zonsezi kufakitale ndakhala ndikuwotcherera njinga za anthu ena, koma iyi ndadzipangira ndekha, yopepuka moti mungainyamule ndi chala. Lamlungu lililonse ndimakwera nayo mapiri a kuno ndi anzanga a kuntchito, ndipo mwana wa ku Ain Zarour sanatsalepo m'mbuyo.

Anzangawo amandifunsa za mabwinja a Aroma a kwathu, ine n'kungoti kakasi. Ndinakulira pafupi ndi Djemila koma mwala sindinauyang'anepo, kupatula potola wogendera mbuzi. Zimandichititsa manyazi. Ndiye ndidzayenda pang'onopang'ono, ndidutse ku Constantine, ndione mabwinja a ku Tiddis, kenako ndikhotere kwathu. Mundilembere ku positi yaikulu ya ku Constantine, kalatayo ndikaipeza kumeneko.

Houria ndi ana atsala. Akuti dzuwa la kwathu la Julayi ndi la amisala okha, n'chifukwa chake ine wandiloleza.

Mwana wanu,
Rabah


Ain Zarour, 3 Julayi

Mwana wanga Rabah,

Dzanja ndi la Zahia, mawu ndi anga, ndipo bambo ako aang'ono ali pompano akumva.

Tili moyo, Mulungu atamandike. Miyendo ikupweteka, koma kalata yako yaposa miyendo. Mwana wa mnzanga Ouarda anabwera ndi galimoto, firiji pamwamba. Iwe ukubwera pa njinga ngati wogulitsa mazira. Ndikawauza chiyani amayi anzanga ku kasupe? Miyala ukuifunayo ndi yomwe ija timayanikapo nkhuyu, ndipo siithawa.

Tamvera tsono. Mkulu uja wa chigayo, amene timamutchula kuti Si Tahar, wapempha Zahia. Mkazi wake anamwalira chaka chatha nthawi yothyola maolivi. Bambo ako aang'ono avomera, nanga ine ndine ndani. Koma shehe wakana kumanga ukwati. Akuti atate a mtsikana akamwalira, nkhoswe ndi mchimwene wake, ndipo poti uli m'njira ayenera kukudikira. Wati adikira mpaka Lachinayi lomaliza Ramazani isanayambe. Ukapanda kuoneka tsiku limenelo, a Messaoud akhala pa malo pako.

Uzivala chipewa.

Mayi ako

Achimwene, ndalemba zimene andiuza. Zanga ndi izi zokha: mukatsika sitima bwerani molunjika. Musapatuke. Mabwinja mudzawaona pobwerera. Zahia

Mwana wa mkulu wanga, ndine Messaoud, ndalanda cholembera. Za akazi usaziike kumtima. Mtsikana akamva za ukwati amafuna dzuwa lizithamanga, koma kuthamanga si kufika. Yenda mwaufulu, uone dziko lako. Chimodzi chokha: usayerekeze kudutsa osapatukira kwa azakhali ako a Djouher, kumapiri kuseri kwa Ferdjioua. Akulira dzina lako chichokereni iwe, ndipo ndawatumizira kale mawu kuti ukubwera.


Constantine, 22 Julayi

Amayi, Zahia, ndi inu Bambo aang'ono olanda zolembera,

Kalata yanu ndaipeza. Amayi, za mazira zija ndaseka mpaka wa pa positi anandiyang'ana. Ndili bwino, ndangopsa. Mukandiona mudzayesa chikuni.

Dzuwa ili ndinaliiwala. Ndimanyamuka kusanache, koma likangokwera phula limayamba kumata matayala, madzi a m'botolo n'kusanduka tiyi. Kuchokera kunyanja msewu ndi zitunda zokhazokha; ukati wafika pamwamba, china chikukudikira. Minda yonse yakololedwa, kwatsala ziputu ndi nyenje zolira mpaka mutu kuwawa. Agalu a abusa andithamangitsa kangapo, ndipo ndazindikira kuti miyendo yanga inkandibisira mphamvu.

Dzulo ndinali ku Tiddis. Mzinda wonse ndi wofiira, wokakamira pa phiri, wopanda kasupe. Anthu ake anasema maenje m'thanthwe osungiramo mvula, ndipo maenjewo alipobe. Mlonda wake anadzuka pansi pa mtengo, nandiyang'ana kuyambira ku nsapato.

"Azungu amabwera maluwa akamaphuka," anatero. "Iwe wa mu Julayi ndiwe wa kuti?"

Nditamuuza, anati, "Amayi ako alipo? Akudziwa kuti ukuyenda m'dziko ndi kabudula wa mwana?" Anandidulira vwende, nandiletsa kuchoka mpaka mthunzi utatalika.

Zahia, ndiye wakula mpaka kufunsiridwa, iwe amene ndinkakubereka kumsana. Ndipo ukundithamangitsa: musapatuke, bwerani molunjika. Dekha, mkwatibwi, Lachinayi lakolo lindipeza ndili pakhomo. Si Tahar ndimamukumbukira, munthu wa mapewa, ankakweza thumba la tirigu ndi dzanja limodzi. Wakulako ndithu, koma nyumba ya chigayo sigona ndi njala. Ngati mtima wako uli pomwepo, ine ndingobwera kudzati inde.

Mawa ndilunjika kwa azakhali. Ndikagona usiku umodzi basi.

Rabah


Kwa azakhali a Djouher, 30 Julayi

Amayi ndi Zahia,

Moni nonse. Bwanji simukundilembera? Wa positi akungodutsa chimanjamanja.

Usiku umodzi uja wabala sabata. Nditafika azakhali anandikumbatira akulira, amuna awo a Amar n'kugwetsa nkhosa ndisanavule n'komwe nsapato. Lamulo la kuno mukulidziwa: nkhosa ikaphedwa m'dzina lako suchoka mpaka fupa lomaliza litaswedwa, ndipo wotsegula njira ndi mwini nyumba. Ndinadya, ndinadya, mpaka tinaimaliza. Ndili mkati momanga katundu, mng'ono wa a Amar anatulukira ndi mpeni wamagazi.

"Wadya kwa mkulu wanga," anatero. "Kwanga n'kwa galu?"

Yachiwiri imeneyo. Ndinayesa kuwakumbutsa kuti mlendo ndi mame. A Amar anati, "Mame mu Julayi unawaona kuti?" Onse anafa nazo, ine n'kukhalanso pansi.

Njinga aitsekera m'chipinda cha tirigu. Akuti kuno kuli akuba, ndipo kiyi ali m'khosi mwa a Amar. Akubawo sindinawaone. Ndikatuluka kukawongola miyendo, wina amandiperekeza. Kuseri kwa munda wa maolivi kuli mizati iwiri ya Aroma ndi mwala wolembedwa umene amamwetseramo ng'ombe, ndipo zilembo zake ndaziloweza osadziwa tanthauzo. Mphepo yotentha ya kuchipululu yayamba, ija imaumitsa mkate uli m'manja.

Sindikudandaula, ulemu wotere ku France sindinaulandirepo. Koma dzulo ndinapeza azakhali akundiyang'ana ngati ali ndi mawu, ndipo maso athu atakumana anathawira kukhitchini. Zandikhalitsa mtima m'mwamba. Kwanuko n'kwabwino? Nkhosa yachiwiriyi ikatha ndinyamuka, Lachiwiri kapena Lachitatu.

Rabah


Ain Zarour, Lachiwiri 1 Ogasiti

Achimwene,

Moni ndilibe nthawi yake. Kalata iyi siidutsa pa shopu. Ndaipereka kwa mzamba wathu, amene waitanidwa kumapiri kumene muliko, ndipo waisokera mu mpendero wa diresi. Makalata onse a mudzi uno amatsikira pa shopu ya Bambo aang'ono. Anu amatiwerengera okha, n'kumadumpha zimene afuna. Anga amene ndinalemba pandekha anathera pa mbaula yophikira khofi.

Si Tahar sindikumufuna. Ndalemba poyera kuti musasekenso. Mapewa mukuwakumbukirawo anagwa kalekale. Ndi wamkulu kuposa Atate akanakhala moyo, makutu anatseka ndi chigayo, ndipo mwana wake womaliza ndinkakhala naye benchi limodzi kusukulu. Sakufuna mkazi, akufuna manja osambitsa amayi ake ndi kusesa gaga. Bambo aang'ono akufuna chibale ndi chigayo. Amayi akuopa, chifukwa denga tikugonali theka ndi la Bambo aang'ono.

Munaseka kuti ndikuthamangira ukwati. Ndinalira ndi ukali, achimwene. Mumawerenga miyala ya anthu akufa, koma mizere itatu ya mlongo wanu inakukanikani.

Nkhosa mukudyazo ndi za Bambo aang'ono. Anazitumiza pa lole ya Si Tahar musanatsike n'komwe sitima. Zilipo zitatu, ndipo yachitatu aipha Lachitatu madzulo kuti Lachinayi likupezeni ndi fupa m'manja. Ndinawamva ndi makutu anga akumuuza Si Tahar, mokuwa poti samva: "Mwana wa ku France angakane bwanji ulemu wa kwawo? Mmangeni ndi nyama, chingwe sichifunika."

Shehe abwera Lachinayi ikatha swala, pemphero lija la dzuwa litapendeka. Ndikudziwa chimene ndikukupemphani. Mukachoka nyama ili m'mbale, a Amar sadzakupatsaninso moni mpaka kumanda, ndipo azakhali adzazunzika nazo. Mphepo imene ikuombayi ndikuimvanso pa nkhope panga. Koma ndilibe wina.

Zahia


Lachinayi masana

Azakhali,

Pepani kuti pa mphasa mukupeza pepala m'malo mwa ine. Mzamba anachedwa ndi wodwala wina m'njira, wafika lero m'mawa. Chimene wandipatsa mukuchidziwa, chifukwa munaona ndipo munatembenukira kukhoma. Zikomo chifukwa cha kutembenukako.

Ndadikira kuti nonse mugone tulo ta masana, poti ndi nthawi yokhayo imene ndilibe wondiperekeza. Loko wa chipinda cha tirigu ndathyola ndi chitsulo cha pulawo, ndidzatumiza wina. Nkhosa yachitatu ndaisiya momwe ilili, ndipo tanthauzo lake ndikulidziwa. Muwauze a Amar kuti mwanowu ndi wanga ndekha, inu asakukhudzeni.

Basi yopita kwathu kulibe mpaka Lolemba. Ndatenga mabotolo awiri a madzi ndi mpango wanu, ndaunyowetsa. Mphepo ikuchokera kutsogolo. Mundipempherere.

Rabah


Ain Zarour, 10 Ogasiti

Alamu anga a Houria,

Mtendere ukhale nanu ndi ana. Telegalamu ndikhulupirira munailandira: amuna anu ali moyo. Tsopano ndikuuzeni zonse ena asanakuuzeni mokhota, kuti ngati mundikwiyira mundikwiyire mukudziwa. Ndine ndinawaitana kuti adzakane ukwati umene Bambo aang'ono anandikonzera, ndipo ananyamuka dzuwa lili paliwombo, nthawi imene ngakhale bulu amakana kuyenda.

Za m'njira ndazimva kwa mlonda wa mabwinja a Djemila. Akuti anaona munthu akutsika msewu wa kuphiri mokhotakhota, n'kudzagwa ndi njinga yomwe pa mthunzi wa chipata chachikulu cha Aroma. Mabotolo onse anali gwa. Mlondayo anawathira madzi a mumtsuko, nati, "M'bale, gona apa mpaka lilowe. Kumene ukupitako akufuna munthu, osati mtembo." Achimwene anangofunsa ngati kumzikiti aitana kale. Atamva kuti aitana, anadzuka. Chitunda chomaliza chofikira kwathu anakwera wapansi, atatsamira njinga ngati ndodo.

Ife nthawi imeneyo tinali pa bwalo la Bambo aang'ono. Amuna anali pa mikeka, mkaka ndi zipatso pakati pawo, shehe atatsegula kale buku. Akazi tinali m'chipinda kuseri kwa katani. Ine ndinali nditaleka kuyang'ana kuchipata, chifukwa mtima unali utavomera kuti sabwera. Kenako ndinamva unyolo wa njinga, onse pabwalo n'kutembenukira kuchipata.

Alamu, sindinawazindikire. Nkhope yoyera ndi mchere, milomo yong'ambika, ndipo thukuta linali litasiya kutuluka. Akuluakulu anayamba kung'ung'udza za maondo apoyera. Shehe anavula mkanjo wake wapamwamba, nawafunditsa miyendo, kenako anati kwa Bambo aang'ono, "Sunthani, a Messaoud. Malowo mwini wake wafika."

Anawakhazika. Shehe anafunsa, "Rabah mwana wa Slimane, kodi ukupereka mlongo wako Zahia kwa Si Tahar?"

Achimwene anatsegula pakamwa, panatuluka mpweya wokha. Anayesanso. Wina anawamwetsa madzi, madziwo n'kubwerera pa mkanjo wa shehe. Mutu unayamba kupendekera pa phewa.

Bambo aang'ono anayankhula mofatsa, ngati omva chisoni. "Shehe, mwadzionera nokha. Mwanayu thupi lafika, koma dzuwa lamudya mutu. Wodwala sangakhale nkhoswe. Ndiyankha ndine, monga tinagwirizana. Mtsikana nayenso sanatsutsepo, ndipo tonse tikudziwa kuti namwali akakhala chete ndiye kuti wavomera."

Shehe anawayang'ana achimwene nthawi yaitali. Kenako anatembenukira ku katani monga amachitira pa ukwati uliwonse, ndi mawu a munthu amene sakuyembekeza yankho. "Zahia mwana wa Slimane, wamva. Ngati wavomera, khala chete."

Inu simundidziwa bwino, alamu. Ine ndimalimba pa pepala pokha. Chibadwire sindinayankhepo Bambo aang'ono kuposa kuti inde, ndipo m'mudzi muno palibe mkazi amene mawu ake anadutsapo katani ameneyo. Amayi anandigwira dzanja, zikhadabo kulowa m'khungu, akunong'ona kuti, "Mwanawe, tikagona kuti?" Ndinachita mantha. Koma pa mpata wa katani ndinaona dzanja la achimwene likudzuka pa bondo, chala chikuloza kumene ndinali.

"Sindikufuna," ndinatero.

Mawuwo anatuluka aang'ono ngati a mwana wa mphaka. Palibe anagwedezeka. Ndipo Si Tahar anaika dzanja kukhutu, natembenukira kwa Bambo aang'ono.

"Akuti chiyani?"

Anafunsanso, akuyang'ana uyu ndi uyu. Ndiye ndinachotsa dzanja la Amayi, ndinakankha katani, ndinaima poti aliyense andione, ndipo ndinanena mokuwa monga amayankhulira naye ku chigayo. Akazi a nyumba yachitatu akuti anamva.

Shehe anatseka buku. Achimwene anagwera chammbali.

Chimodzi ndiyenera kunena mwachilungamo. Lole m'mudzi muno ndi imodzi, ya Si Tahar. Mkuluyo anadzuka, nkhope ili pansi, napita kukailiza yekha. Ndi iye anatitengera ku chipatala ku Sétif, ine ndili kumbuyo ndikuwathira achimwene madzi kumutu. Atatitsitsa anangobwerera.

Adokotala akuti impso zinatsala pang'ono kuima, koma tsopano zayambanso kugwira ntchito. Njinga chaka chino asaikhudze. Kumudzi, Bambo aang'ono amanga khoma la njerwa pakati pa bwalo lathu, ndipo pa shopu sakutigulitsa ngakhale machesi. A Amar anatumiza nkhosa yachitatu ija itanunkha, n'kuitaya pakhomo pathu tsiku loyamba la Ramazani. Ndinaikwirira ndekha. Amayi amandiikira chakudya dzuwa likalowa, koma sanandiyankhulebe. Zimandiwawa, ndipo sindikudziwa kuti zitha liti. Mundilembere, ngakhale mawu aukali, ndipo mundiuze za ana.

Dzulo ndi pamene achimwene anayankhula zomveka. Pambuyo pa chipata cha Aroma chija sakukumbukira kanthu. Anandigwira diresi, mawu ali osasa.

"Ndinafika?"

"Munafika, achimwene."

"Ndinati chiyani?"

Ndinafuna kuwanamiza kuti munati ayi ndipo mudzi wonse unamva. Koma m'banja muno tanamizana kokwanira.

"Simunanene kanthu. Ndinanena ndine."

Anandiyang'ana ngati akuona mlendo. "Iwe? Pamaso pa Bambo aang'ono?"

"Kawiri."

Anatseka maso, misozi ikutsikira m'makutu, ndipo ndinayesa kuti agona. Kenako anandikoka diresi nati ndiwafotokozerenso, pang'onopang'ono, kuyambira pamene Si Tahar anaika dzanja kukhutu.

Mlamu wanu,
Zahia